Lipoti la msonkhano wa ku boma: ana a mabanja osamuka ndi nkhani ya ganyu

Gogo chalo, a wapampando, ndi nonse a komiti yathu ya chitukuko, zikomo. Munandituma kumsonkhano wa masiku awiri ku boma kwa Mulanje, ndiye ndabwera kudzatula zomwe ndinamva.

Nkhani inali ya ana a mabanja amene anathawa kwawo ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Makampu anatsekedwa, koma ambiri sanabwerere chifukwa minda yawo inakwiririka ndi miyala ndi mchenga. Banja lopanda munda limadalira ganyu, ndipo ufa ukatha mwana nayenso amanyamula khasu. Anzathu a ku Muloza anadandaula za ana owoloka malire kukalima ku Milange. A ku Limbuli anatchula ana osenza katundu pamsika. Za atsikana otengedwa kukagwira ntchito zam'nyumba ku Blantyre aliyense anali nazo zonena.

A ku ofesi ya zantchito anatikumbutsa malamulo. Lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo wosakwana 18 sayenera kupatsidwa ntchito yoika moyo wake pachiswe kapena yomulepheretsa sukulu. Lamulo la maphunziro la 2013 limati pulayimale ndi yokakamiza. Panabuka mkangano: kodi mwana asamatungenso madzi? Ayi, kusesa, kutsuka mbale ndi kuthandiza kudimba akaweruka ndi kulera komwe. Mlandu umayamba mwana akamajomba kapena kupwetekeka kuti munthu wina apindule.

Pamenepa ndinachita manyazi, ndipo sindikubisirani. Tikamva za kugwiritsa ana ntchito timaloza kutali, chonsecho olemba ganyu m'mudzi muno ndi ife tomwe. Dzinja likafika tiyi n'kuphukira, ife alimi ang'onoang'ono timaitana mayi wosamuka uja kuti adzathyole. Popeza timalipira potengera makilo, iye amabwera ndi mwana wake wa Sitandade 4 kuti dengu lidzadze msanga. Timamuona mwanayo, n'kuyang'ana kumbali. Inenso ndinachitapo zimenezi chaka chatha. Choncho maphunziro odziwitsa anthu za nkhaniyi asangolunjika kwa obwerawo ngati kuti ndiwo osadziwa. Ayambire kwa ife eni minda.

Pa kaphunzitsidwe, tinagwirizana kuti kuitanitsa msonkhano wapadera n'kutaya nthawi, anthu amayamba afunsa ngati kuli kanganyase. Uthenga uzipita komwe anthu asonkhana kale: ku banki mkhonde, kusikelo ya ana, kutchalitchi ndi kumzikiti, ngakhale pamaliro mfumu ikapatsidwa mpata. Amayi a mother group aziyendera khomo la mwana amene wajomba masiku angapo, mwaulemu, osati ngati apolisi. Ana okulirapo ochita manyazi kukhala ndi tiana mu Sitandade 2 tiwafunsire makalasi a CBE, omwe ndi a ana amene anasiyira sukulu panjira, kudzera kwa mlangizi wa maphunziro wa dera lathu. Nkhani ikakula, nambala ya foni yothandiza ana ya 116 ndi yaulere.

Ine ndinaimika dzanja n'kunena kuti mawu okha sakhutitsa mimba. Mwana amakhala m'kalasi ngati kusukulu kuli phala. Ndinafunsanso za mabanja amene maina awo a Mtukula Pakhomo anatsala kumudzi wawo wakale. Anandiyankha mozungulira, akuti tilembe kalata kudzera kwa a gulupu. Tilembe ndithu.

Pempho langa ndi loti sabata ino tigawane makomo, tilembe ana onse a mabanja osamuka amene sakupita kusukulu, zaka zawo ndi kalasi yomwe analekezera. Gogo, tikupempha mutiunikire ngati tingaike lamulo la m'mudzi loti wolemba ganyu mayi asalole mwana kulowa m'munda nthawi ya sukulu. Pa 12 Juni ndi tsiku lokumbukira kuthetsa mchitidwe wogwiritsa ana ntchito padziko lonse, mwina ana a sukulu yathu angakonze sewero.

Ndalama yotsala pa thiransipoti ndapereka kwa msungichuma, ndipo mapepala omwe tinalandira ali ndi mlembi.