Kalata yotseguka kwa Nduna ya Zaulimi: mutu wa galu wachiwewe uzifika ku labotale

Olemekezeka a Nduna,

Ndine mlangizi wa ziweto wopuma pantchito. Zaka zanga zambiri zinathera pa dibi, m'makola a mbuzi ndi pansi pa mitengo ya mango pomwe tinkabayira agalu katemera. Ndakulemberani za matenda a chiwewe, ndipo pempho langa ndi limodzi: galu akaluma munthu, n'kufa kapena kuphedwa ali ndi zizindikiro zokayikitsa, mutu wake uzifika ku labotale, ndipo zotsatira zake zizibwerera msanga kuchipatala komwe wolumidwayo akulandira thandizo.

Ndiyambe ndi mwana amene sindimuiwala. M'mudzi wina womwe ndinkayendera, mnyamata wa zaka 8 analumidwa pakatumba ndi galu wachilendo akuchokera kusukulu. Anyamata a m'mudzimo anamuthamangitsa galuyo, namupha ndi mipini, namutaya m'dzenje. Bala linali laling'ono. Mayi ake analipukuta, analimanga ndi kansalu, ndipo linapola bwinobwino. Patatha miyezi iwiri mwana anayamba kutentha thupi ndi kubwebweta. Kenako anayamba kukana madzi: akangoona kapu, khosi limakokana, iye n'kumanjenjemera, ludzu lili lomupweteka. Sanathe sabata. Pamaliro ndinamva anthu akunong'ona dzina la agogo ena okalamba a pamudzipo. Galu uja palibe anamutchula. Ine ndinamva za kulumidwako tsiku lomwelo la maliro, ndipo mpaka lero ndimaganiza kuti mutu wa galu uja ukanapimidwa, wina akanapita kukagogoda pakhomo la mayi aja nthawi ikadalipo.

Musaganize kuti ndi anthu akumudzi okha amene chiwewe chimawazimbaitsa. Mu 2007 Dr Macpherson Mallewa ndi anzake anatulutsa kafukufuku wa ana odwala matenda a mu ubongo pa chipatala cha Gulupu ku Blantyre. Mwa ana 133 amene anamwalira, ana 14 anapezeka kuti chinali chiwewe. Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi ichi: mwa ana 26 amene anamwalira ataganiziridwa kuti ndi malungo a mu ubongo, atatu anali ndi chiwewe. Ngati pa chipatala chachikulu chotero, pomwe pali madokotala odziwa ntchito, chiwewe chinatha kuvala nkhope ya malungo, nanga kuchipatala chaching'ono cha kumidzi, kapena kwa mwana wofera pamkeka kunyumba? Imfa zoterezi zimalembedwa malungo, kapena sizilembedwa n'komwe. Ndiye mukakhala pansi kugawa ndalama za unduna, chiwewe chimaoneka ngati vuto laling'ono, chifukwa m'mabuku mulibe.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka padziko lonse, ambiri ku Africa ndi ku Asia, ndipo anayi mwa khumi alionse ndi ana osakwana zaka 15. Pafupifupi onsewa amachitenga kwa galu. Kachilombo kamakhala m'malovu, kamalowa pabala, n'kumakwera pang'onopang'ono m'mitsempha mpaka ku ubongo. Zizindikiro zikangoyamba, palibenso mankhwala. Koma m'masabata amene kakuyendawo, munthu akhoza kupulumuka: kutsuka bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, n'kuthamangira katemera kuchipatala tsiku lomwelo.

Ndinene momveka, kuti wina asandimve molakwika: wolumidwa asadikire zotsatira za ku labotale kuti ayambe katemera. Ntchito ya kupima ndi ina. Galu wachiwewe saluma munthu mmodzi. Amadutsa midzi itatu inayi, kuluma mwana apa, mbuzi apo, agalu anzake uko. Labotale ikanena kuti chinalidi chiwewe, mlangizi wa ziweto ndi wazaumoyo amakhala ndi mphamvu yopita kwa amfumu, kufunsa khomo ndi khomo amene analumidwa kapena kukandidwa, ndi kubaya agalu onse a m'deralo. Ikanena kuti sichinali chiwewe, dokotala amadziwa chochita ndi katemera wa anthu, yemwe ndi wodula ndipo nthawi zambiri amasowa.

Labotale tili nayo. Central Veterinary Laboratory ili ku Bwemba mu Lilongwe, pansi pa nthambi yanu yoona za umoyo ndi chitukuko cha ziweto. Vuto ndi msewu wochokera kumudzi kukafika kumeneko. Ubongo wa galu umawonongeka msanga kukatentha. Pamafunika bokosi lozizira, magolovesi, petulo wa njinga yamoto, ndiponso mlangizi amene iye mwini anabayidwa katemera asanagwire mutuwo. M'masiku anga zinthu izi zinkasowa kawirikawiri, ndipo tinkangokwirira agalu, n'kulemba m'lipoti kuti tikuganiza kuti chinali chiwewe. Lero kuli tizipangizo tating'ono topimira pomwepo, tofanana ndi topimira malungo tija, ndipo mutu wonse sufunika kuyenda. Kachidutswa ka ubongo kakhoza kutumizidwa kukatsimikizira. Zimenezi si za ndalama zoopsa ayi. Gawo lalikulu la ndalama za unduna wanu limapita ku fetereza wotsika mtengo, ndipo ine monga mlimi sindikunyoza fetereza. Ndikungoti kachigawo kakang'ono kwambiri ka ndalamazo kakhoza kugula zonse ndatchulazi m'maboma onse.

Kuti katemera wa agalu amagwira ntchito, tinaona ndi maso athu. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, pamodzi ndi ogwira ntchito a boma, linabaya agalu oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha. Loweruka ndi Lamlungu ana ankabwera ndi agalu awo pa masukulu a pulayimale, ena atawamanga ndi luzi, ena atawanyamula, ndipo m'kati mwa sabata magulu ankayenda nyumba ndi nyumba. Akatswiri amati mukabaya agalu 70 mwa 100 alionse chaka ndi chaka, kachilombo kamasowa kolowera. Ku Blantyre anapitirira pamenepo, ntchitoyo inafika ku Zomba ndi ku Chiradzulu, ndipo ana ofika ku Gulupu ndi chiwewe anachepa kwambiri. Wopulumutsa anawo anali munthu wogwira jakisoni wa galu.

Chondidetsa nkhawa ndi chakuti ntchito yotere yatsamira kwambiri pa abwenzi akunja. Agalu amaswana msanga ndipo ambiri sakhala zaka zambiri. Mukadumpha zaka ziwiri osabaya, mudzi umadzaza ndi agalu atsopano opanda chitetezo. Tsiku lomwe othandizawa adzatembenukire kwina, kodi bajeti yathu idzakhala ndi mzere wa katemera wa agalu? Ndipo chonde, tisabwerere ku chizolowezi chongowombera agalu mliri ukabuka. Ndinaziona: chipolopolo chimaphanso galu wobayidwa kale, eni ake amabisa otsalawo, ndipo pakapita miyezi yochepa amakatenga tiana ta agalu kwina, tosabayidwa.

Ndakhazikika pa chiwewe chifukwa ndicho ndikuchidziwa bwino, koma msewu womwewo wopita ku labotale ndi umene ungatiteteze ku matenda ena ochokera ku nyama. Kumapeto kwa 2018 mvuu zinafa mu Shire ku Liwonde ndi anthrax, matenda amene amagwiranso munthu wodya nyama yodwala, ndipo aliyense wodziwa mudzi amadziwa kuti nyama yofa yokha sichedwa kulowa mumphika. Ku Rumphi ndi ku Nkhotakota kuli kaodzera wofalitsidwa ndi kashembe. Chifuwa chachikulu cha ng'ombe chimafika kwa munthu kudzera mu mkaka wosawiritsa.

Tsopano dziko lino limaphunzitsa lokha madokotala a ziweto ku yunivesite ya zaulimi ya LUANAR, ndipo ku sukulu ya za ziweto ya Mikolongwe kukutuluka alangizi. Achinyamata amenewa apatseni funso lenileni loti afufuze: agalu alipo angati m'boma lililonse, ndi angati abayidwa, chiwewe chikuyenda njira ziti, nkhandwe ndi afisi akutengapo gawo lanji. Muwalembe ntchito, chifukwa mlangizi mmodzi sangakwanitse dera loyenera anthu asanu.

Mayiko anagwirizana kuti pofika 2030 pasakhalenso munthu womwalira ndi chiwewe chochokera kwa galu. Zaka zatsala zochepa. Pa 28 September, tsiku lokumbukira matendawa, ndikupemphani kuti inu ndi Nduna ya Zaumoyo muime pamodzi, mutiuze kuti chaka chimenecho agalu angati anapimidwa, angati anapezeka ndi chiwewe, m'maboma ati, ndipo mwa anthu amene analumidwa ndi agalu amenewo, angati anamaliza katemera.

Ine wanu,
Mlangizi wa ziweto wopuma pantchito,
Zomba