Kalata kwa Mwana Wanga wa ku Sukulu ya Ubusa

Mwana wanga,

Azakhali ako anafika Lolemba nkhope ili yakugwa, ndipo asanakhale n'komwe pamkeka anandiuza zimene unayankhula pa msonkhano wa achinyamata mwezi watha, zakuti Goliati sanali wamtali monga timaphunzitsira ana ku Sande Sukulu, ndiponso zakuti Stefano anasokoneza chiwerengero pamene ankadziteteza pabwalo la akulu. Akuti anyamata anaseka mpaka kuomba m'manja, ndipo mkulu wina wa mpingo anatuluka msonkhano usanathe. Amayi ako sanagone usiku umenewo. Ine ndikudziwa kuti pakamwa panali pako, koma kalankhulidwe kameneka ndi ka mnzako uja unabwera naye pa maliro a agogo ako, amene anakhala pampando akuluakulu ali chiimire.

Usaganize kuti bambo ako akuopa zimene ukuphunzira. Ndikudziwa kuti Genesis 46:27 m'Chiheberi amati a m'banja la Yakobo amene analowa m'dziko la Igupto anali 70, pamene Septuagint, malemba amene Ayuda a ku Alexandria anayamba kuwamasulira m'Chigiriki zaka zoposa 200 Yesu asanabadwe, amati anali 75. Stefano pa Machitidwe 7:14 anatchula 75 chifukwa ankatsata malemba a Chigirikiwo, amene Ayuda ambiri a masiku ake ankawerenga. Sanasokoneze kanthu. Ndipo mipukutu yakale ya m'mapanga a ku Qumran, pafupi ndi Nyanja Yakufa, itayamba kupezeka mu 1947, pakati pake panali kachidutswa ka Eksodo m'Chiheberi konena 75 yemweyo. Za Goliati n'chimodzimodzi, pakuti Chiheberi cha Amasoreti, Ayuda amene ankakopera ndi kusunga Malemba, chimati mikono 6 ndi chikhato, koma Chigiriki, mpukutu wa Samueli wa ku Qumran, ngakhalenso Josephus, Myuda wolemba mbiri yakale, onse amati mikono 4 ndi chikhato. Tanthauzo lake n'lakuti omasulira aja anali ndi mipukutu ya Chiheberi yosiyana pang'ono ndi imene inadzakopedwa mu Leningrad Codex, Baibulo la Chiheberi lolembedwa pamanja cha m'ma 1008. Kodi zimenezi unawafotokozera anyamata aja, kapena unangowasiya akuseka?

Apa ndi pamene pakundipweteka, mwana wanga. Mnzako uja amatola theka la nkhani, theka lochititsa manyazi okalamba, n'kusiya linalo. Munthu wotere safuna kudziwa. Amafuna kuti anthu amuone kuti akudziwa. Ndinamumva ndi makutu anga pa maliro paja akuuza abusa kuti buku la Yeremiya m'Chigiriki ndi lalifupi, ngati kuti wagwira mbala. Inde ndi lalifupi, pafupifupi ndi gawo limodzi mwa magawo 8, ndipo mitu yake inasanjidwa mosiyana, koma akuluakulu a mpingo akhala akuzidziwa zimenezi kuyambira masiku a Origen, katswiri wa Malemba wa mu mpingo wakale, amene anaika Chiheberi ndi mabaibulo a Chigiriki m'mizere 6 yoyandikana kuti aone pamene akusiyana. Iye anathera zaka zambiri pa ntchito imeneyo, pamene mnzakoyo wathera madzulo angapo pa foni.

Ndikukumbukira uli Sitandade 4, unabwera kuchokera kwa anansi athu a Katolika uli wodabwa kuti Baibulo lawo lili ndi Tobiti ndi Yuditi pamene Buku Lopatulika lathu lilibe. Unandifunsa utagwada pafupi ndi koloboyi, mwaulemu, ndipo ndinakuuza kuti mabuku amenewo anafika kwa Akhristu kudzera m'malemba a Chigiriki, koma Ayuda sanawawerengere m'Baibulo lawo la Chiheberi. Unamvetsa, ndipo m'mawa mwake sunapite kukanyoza anzako. Mwana ameneyo ndi amene ndinamutumiza ku sukulu, ndipo ndi amene ndinamugulitsira ng'ombe.

Aphunzitsi ako ayenera kuti anakuuza za Jerome, amene anamasulira Chipangano Chakale m'Chilatini kuchokera ku Chiheberi, mpingo utazolowera Chigiriki. Augustine, bishopu wa kumpoto kwa Africa, anamulembera kalata cha m'ma 403 kumuuza kuti bishopu wina wa ku Oea, kumene lero ndi Tripoli, anangotsala pang'ono kutaya mpingo wake wonse atawerenga buku la Yona m'kumasulira kwatsopanoko. Jerome anali wodziwa kwambiri, ndipo sindikuti analakwa, koma Augustine ankaganizira anthu okhala pamabenchi, amene Malemba anawasunga pamtima kuyambira ubwana wawo. Iwe udzakhala mbusa wa anthu otere. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera, choncho usafulumire kundiyankha.

Ndikubwerezanso kuti mnzako uja umutalikire. Sindikuti umuchitire mwano, koma usagonenso naye chipinda chimodzi chaka chamawa, ndipo usamubwereke ndalama, pakuti ndamva kuti za mabuku zimene tinakutumizira zina zinapita kwa iye. Pita kwa mkulu wa mpingo uja ukamupepese, ndipo ukapemphe kuti akulole kubwerera kwa achinyamata aja kuti ukamalize nkhani imene unaisiyira panjira, kuyambira ku Alexandria mpaka ku Qumran.

Ukamabwera pa Khirisimasi utenge Septuagint yako, chifukwa ndikufuna undiwerengere Salimo 151 imene ife tilibe. Amayi ako akuti ubwere wekha.

Ndine bambo ako.