Lipoti la ulendo wa ku Pretoria: kuyeza liwiro la chipolopolo

A Tcheyamani ndi mamembala nonse, zikomo pondituma. Msonkhano unali wa alenje a ziphaso amene amadzaza okha zipolopolo, chinthu chimene lamulo la mfuti la ku South Africa la 2000 limawalola. Nkhani zinali zambiri, koma yotikhudza ife a ku Zomba ndi ya makina oyezera liwiro la chipolopolo otchedwa chronograph.

Makina akale ali ndi maso awiri otalikirana mtunda wodziwika. Amawaimika mamita atatu kapena anayi kutsogolo kwa mfuti, chipolopolo chikadutsa pamwamba pake amawerengera nthawi n'kupereka liwiro. Vuto lake ndi kuwala: dzuwa likapendeka amanama kapena kungokhala chete, ndipo wosasamala amawombera makinawo. Ena, a MagnetoSpeed, amamangirira kumpope wa mfuti, koma kulemera kwake kumasintha malo amene chipolopolo chimagwera. Amene aliyense amawathamangira tsopano ndi a radar, monga LabRadar ndi ka Garmin Xero kamene kanatuluka mu 2023, kongoika pambali pa mfuti basi.

Chimene ndinagwira kwambiri ndi ichi: anthuwa sakusaka liwiro lalikulu ayi, akusaka liwiro lofanana. Amawombera zipolopolo khumi, kulemba chilichonse, n'kuona kusiyana kwa chothamangitsitsa ndi chochedwetsetsa. Pa mamita 100 kusiyanako sikuoneka kwenikweni, koma pa 300 china chimagwera pamwamba, china pansi, nyama n'kuthawa ndi bala. Ndipo liwiro likaposa lolembedwa m'buku la opanga onga, iwo sakondwera, amasiya pomwepo, chifukwa ndi chizindikiro choti mphamvu ya m'kati mwa mfuti yapyola muyeso.

Nambala ya liwiro ya pabokosi la zipolopolo tisamaikhulupirire kwambiri. Ya chipolopolo cha mtundu wa .308 Winchester cholemera magireni 150 (gireni ndi muyeso wa kulemera kwa chipolopolo) amalemba pafupifupi mamita 860 pa sekondi, koma amayezera pa mpope wa mainchesi 24. Mfuti zathu zambiri n'zazifupi, choncho liwiro limatsika. Kutentha nakonso kumasintha kapsedwe ka onga. Apa ndinaganiza za kwathu: mfuti yoyesedwa m'mawa wa Juni pamwamba pa phiri la Zomba singachite chimodzimodzi ku Liwonde mu Okutobala masana.

Za kudzaza tokha zipolopolo ine sindikulimbikitsa kuti tiyambe. Ndi nkhani ya malamulo, ndipo Mlembi ayenera kuyamba wafunsa kupolisi molemba kalata, tisanagule ngakhale chigoba chimodzi. Koma chronograph imodzi ya gulu ikufunika, kuti tiyeze zipolopolo zogula zimene ena mwazisunga zaka zambiri m'nyumba za chinyezi. Ndikupempha kuti Msungichuma abweretse mitengo ya mitundu itatuyi pa msonkhano wamawa, tidzagwirizane za msonkhamsonkha.