Usaphonye msonkhano wa khonsolo uja

Mnzanga wokondedwa,

Kalata yako ndailandira, ndipo ndakondwa kumva kuti ana azolowera kumeneko. Ife kuno tili bwino ndithu. Koma nkhani waingotchula modutsa kumapeto ija, yoti khonsolo yanu ikufuna kuti bwalo la kuseri kwa sukulu likhale malo a masitolo, yandisowetsa mtendere. Wati kumsonkhanoko supita chifukwa ndiwe mlendo m'tauniyo. Chonde, pita. Ana ako amaphunzira pomwepo, unasiya kukhala mlendo tsiku limene unawalembetsa.

M'tauni yaing'ono zonse zimayambira pa mapu a malo. Makhansala akangogwirizana kuti apa ndi pokhala anthu, apa ndi pa malonda, apo ndi pa mafakitale, ndiye kuti agamulanso kumene msewu udutse, kumene mapaipi a madzi athere, ndi kumene galimoto ya zinyalala izifika. Mphamvu imeneyi si yamasewera. Mu 1926 khoti lalikulu la ku America linaweruza mlandu wa katauni ka Euclid ku Ohio, kamene kampani ya Ambler inakasumira chifukwa chouletsa kumanga mafakitale pa mbali ina ya malo ake omwe. Khotilo linati tauniyo ili ndi ufulu wogawa malo motero. Ngati mwini malo analephera kugubuduza chigamulo cha khonsolo, kuli bwanji kholo lobwera kudzadandaula njerwa zitafika kale pazenera?

Makhansala sindikuwada ayi. Tauni yaing'ono imadalira msonkho wa nyumba ndi malo, ndalama za malaisensi, ndi zimene boma lalikulu latumiza. Sitolo imalipira msonkho, bwalo la mpira silibweretsa kanthu, ndipo nyali za mumsewu zikufuna ndalama. Ndiye mtima umawakokera kogulitsa.

Chimene chimandipweteka ndi chakuti sukulu imakula. Mapuloti atsopano akagawidwa, mabanja amabwera, ana amachuluka, atatu n'kumapanikizana pa desiki ya awiri. Tsiku lofuna kumanga makalasi ena likadzafika, adzawamanga pati? Ndalama za malowo zidzakhala zitatha kalekale, ndipo madzi akatayika saoleka. Taganiziranso m'mawa, lole ikubwerera chambuyo kukatsitsa katundu, pamene kamwana ka m'kalasi yoyamba kakuwoloka pomwepo chikwama chikukoka pansi. Ndiponso bwalo la udzu limamwa madzi a mvula. Akaliwaka simenti madziwo amafuna kolowera, ndipo ngalande ikakhala yaing'ono amathamangira m'makalasi kapena m'nyumba za kumunsi.

Usanapite, kapemphe ku ofesi ya khonsolo mapulani akewo uwaone ndi maso ako, ufunsenso tsiku lomaliza lolandira madandaulo olembedwa. Zolankhula pamsonkhano zimaiwalika, koma kalata imalowa m'faelo. Tenga makolo anzako angapo, ndipo ukapatsidwa mpata ufunse mwaulemu kuti sukuluyo ikuyembekeza ana angati zaka khumi zikubwerazi, ndi kuti ndalama za malowo zidzagwira ntchito yanji. Afunsenso ngati anayang'ana malo ena a masitolowo. Wapampando ayankhe anthu onse akumva, mlembi alembe.

Undilembere msonkhanowo ukatha, undiuze mmene makhansala avotera. Upereke moni kwa bambo a kunyumba ndi ana onse.

Ndine mnzako wa nthawi zonse.