A Michael Howard alipo awiri, musawaphatikize

Akonzi,

Ndikupempha atolankhani ndi ophunzira kuti azisamala polemba za a Michael Howard a ku Britain, chifukwa dzinali ndi la anthu awiri.

Ena anali katswiri wa mbiri ya nkhondo, anabadwa mu 1922 n'kumwalira mu 2019. Anamenya nawo nkhondo yachiwiri yapadziko lonse ku Italy, anayambitsa dipatimenti yophunzitsa za nkhondo ku King's College London, kenako anakhala pulofesa ku Oxford ndi ku Yale. Enawo ndi andale, anabadwira ku Wales mu 1941. Anali phungu wa Folkestone and Hythe kuyambira 1983 mpaka 2010, anakhalapo nduna ya zam'dziko m'boma la John Major, ndipo anatsogolera chipani cha Conservative pachisankho cha 2005 chomwe anagonja kwa Tony Blair.

Zimasokonekera munthu akangolemba dzina lokha pa intaneti n'kutola chithunzi choyamba kutuluka: mawu amakhala a pulofesa, nkhope ya wandale. Izitu n'kulakwira onse awiri. Yambani mwaona chaka chobadwa, kenako dzina laulemu. Katswiriyu ankatchedwa Sir, pamene wandaleyu kuchokera mu 2010 ndi Lord Howard of Lympne.

Ine wowerenga wanu,
Mphunzitsi wa mbiri, Zomba