Aise, nkhani ya mng'ono wanga ndi Altezza yake

Aise,

Zikuyenda bwanji ku Joni kumeneko? Kuno tili bho, kungoti kutentha kwa Okutobala kwafika poipa, fumbi la mu Lilongwe ukulidziwa kale. Vidiyo unanditumizira pa WhatsApp ija, ya anyamata aku Soweto akuzunguza gusheshe, BMW yakale ija, ndaionera mwina kasanu, ndiye ndati ndikulembere bwinobwino chifukwa nkhani yomweyi yandilowera mnyumba.

Mng'ono wanga uja unamusiya ali Fomu 2 pano ndi bambo wandevu zake, ali ndi Altezza. Anaigula kwa munthu ili yotopa kale, paja Toyota inasiya kupanga zimenezi mu 2005, zambiri zili kunozi ndi nkhalamba zochokera ku Japan zolowera pa Dar es Salaam ndi pa Songwe. Koma ukanaona mmene waisinthira! Loweruka lililonse amaswera ku Biwi kwa amakaniko manja ali bii ndi girisi, anaitsitsa mpaka pa hampu amachita kudutsa chopingasa pang'onopang'ono kuopa kukhula pansi, marimu onyezimira, magalasi akuda, ekizozi anadulitsa nkuwotcherera chimpope chachikulu moti akailiza pageti agalu a mdera lonse amadzuka. Mu buti simungalowenso ngakhale thumba la ufa, mwadzaza masipika.

Ndisakunamize, luso ali nalo mwana uja. Tsiku lina ndinakhala pa chitini pambali ndikumuonera akumasula injini, mabawuti atawandanda pa katoni lililonse pamalo pake, akundifotokozera kuti Altezza imakankha ndi matayala akumbuyo ngati gusheshe yakwanuyo, nchifukwa chake imavomera kuponya mchira, pomwe ma Vitz ndi ma Passo amakoka ndi akutsogolo. Zonsezi palibe sukulu inamuphunzitsa, ndi YouTube ndi kufunsafunsa amakaniko basi. Ndinanyadira mumtima tsiku limenelo.

Chikundisowetsa tulo ndi usiku. Lachisanu akakumana ndi anzake ku Bwandilo ku 47, galimoto zisanu kaya zisanu ndi imodzi, amanyamuka mondondozana nkumazungulira tawuni, pa interchange ya 18, kutsika Kenyatta, kubwereranso, nyimbo zili pwirikiti. Misewu yatsopano yotakasuka ija kwa iwo yasanduka bwalo. Nthawi mafuta ankasowa ija ankagona pa mzere usiku onse kuti apeze timalita tochepa, mawa lake nkukatitentha tonse kuzungulira kopanda kopita.

Sabata yatha ananditenga pochokera ku ukwati cha mma 10 usiku. Mnzake wina anatipeza pa maloboti, kuliza injini kawiri, mwana uja basi kuponda moto ine ndisanatsegule nkomwe pakamwa. Kutsogolo kunangotulukira wakabaza wa njinga yamoto yopanda nyali yakumbuyo, atakweza mayi wobereka mwana. Mabuleki analira, galimoto inaponya mchira womwe amaunyadira uja, tinakaima chopingasa pakati pamsewu fungo la matayala lili guu. Mayi uja anangocheuka nkutiyang'ana, dzanja atagwira kamutu ka mwana kumbuyoko, njinga nkumapita. Sitinawagunde aise, koma mpata unatsala sunakwane mkono. Mng'ono wangayo manja ankachita kunjenjemera pa chiwongolero, mpaka kukafika kunyumba palibe anayankhula.

Amayi sindinawauze, BP yawo ukuidziwa, komanso kale amakhala pampando ali maso mpaka amve ekizozi ija pageti ndipomwe amakagona. Kumulanda makiyi sindingathe, galimoto anagula ndi thukuta lake, ndipo sindikufuna ataye chinthu chomwe manja ake amachidziwa chonchi. Ndikungofuna achichotse pamsewu woyenda anthu. Kwanuko spinning, kuzunguza galimoto kuja, inayambanso mmisewu ya mmakomboni, koma mu 2014 anaivomereza kukhala masewero enieni, ndipo mu vidiyo yako ija ndaona anthu akuonerera ali kuseri kwa mpanda wa matayala, palibe wakabaza kapena mayi wochokera kumsika angatulukire pakati.

Ndiye ndikupempha, paja iwe amakumvera kuposa ine, umuimbire. Usamukalipire iyayi, ine ndakalipa kale mpaka mawu atha. Ungomufotokozera mmene zimakhalira ku mabwalo akumeneko, zomwe oyendetsa amavala, mmene amakonzekerera galimoto asanalowe, mwina iye ndi anzakewo angakhale pansi nkupempha malo kunja kwa tawuni, ineyo ndine okonzeka kuyenda nawo mmaofesi. Ukamabwera pa Khirisimasi, ngati katundu sakuchulukira, umugulireko helemeti yabwino, ndalama ndidzakubwezera ukangofika.

Nambala yake ndakuponyera pa WhatsApp, muimbire Lachisanu lisanafike. Moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako wakalekale uja