Kalata ya pansi pa nsanja

Bwanawe,

Kalata yako ndalandira. Masamba awiri onse ukungodandaula za mpando wa mu ofesi kuti ukukupweteketsa msana, ndiye kumapeto kwenikweni n'kuponya funso loti, "Kodi mitengo yako ija ikutipulumutsa ku kusintha kwa nyengo kapena ayi?" Funso limene anthu a imvi akhala akukanganirana zaka makumimakumi, iwe ukufuna ndikuyankhe ngati wandifunsa nthawi. Sunasinthe ndithu. Ine ndilipo, kungoti bondo lakumanzereli layamba kudana ndi makwerero.

Ndikuyankha, koma uyambe wamva za kangaude.

Ukukumbukira kachipangizo koyezera mphepo kali pamwamba penipeni pa nsanja yathu ya m'nkhalango kaja, ka tinyanga toyang'anizana? Kamaponya kaphokoso kosamveka m'khutu kuchoka pa kanyanga kena kupita pa kanzake, ndipo nthawi imene kaphokosoko katenga ndiyo imatiuza mmene mphepo ikuyendera, kakhumi pa sekondi iliyonse. Pambali pake pali chinzake chowerenga carbon dioxide (mpweya wa kaboni) mumpweya pogwiritsa ntchito kuwala kosaoneka ndi maso kwa infrared. Mphepo yokwera ikakhala ndi kaboni wochepa kuposa yotsika, ndiye kuti masamba akumwa. Zikatembenuka, nkhalango ikutulutsa. Eddy covariance imene inkakugonetsa m'kalasi ija ndi imeneyi basi. Tsono pali kangaude wina amene waona kuti m'nkhalango yonseyi, malo oyenera ulemu wake ndi pakati pa tinyanga timeneti.

Ukonde wokhawo si vuto kwenikweni, ndi wopyapyala. Koma m'bandakucha umakola mame, timadontho n'kutsetserekera pa tinyanga, ndipo kompyuta imayamba kulemba mphepo yoti ikanakhala yoona bwenzi nsanja itazuka. Ndiye taganiza, nthawi imeneyo ndi imene ndimaifuna kuposa ina iliyonse. Dzuwa likamatuluka, mpweya umene wagona pansi pa mitengo usiku wonse umayamba kutakasika n'kukwera, masamba nawo akuyamba ntchito. Pomwepo ndi pamene bamboyu amaphimba. Ndimakwera ndi kaburashi kofewa, n'kusesa bwinobwino osagwedeza kanthu, n'kutsika bondo likulira. Mawa lake wamanganso, wokongola kuposa wa dzulo. Mwini wakeyo sindinamuonepo ndi maso, timangodziwana m'ntchito.

A Pulofesa akuti ndizingolemba m'buku kuti "kangaude", kompyuta idzadzaza mipatayo poyerekeza ndi maola ena ofanana kuwala ndi kutentha kwake. Wandevu uja akuti timuike dzina lake pa pepala limene tikulemba, poti wathandiza kuposa anthu ena amene mayina awo alipo kale. Iwo akuseka, koma ine usiku ndimalondola nkhaniyi mpaka kumapeto. Manambala athu akapita ku FLUXNET, kumene amasonkhanitsa manambala a nsanja zotere za padziko lonse, akasakanizidwa ndi a nsanja zina mazanamazana, akagwiritsidwa ntchito poyesa makompyuta olosera za nyengo, zolosera zija zikalowa m'malipoti, malipoti akafika pa matebulo a nduna ku misonkhano ikuluikulu. Ndiye tsiku lina munthu wovala suti adzaimirira n'kusaina chinthu chokhudza dziko lonse lapansi, osadziwa kuti penapake m'kati mwa nambala imene wagwira muli kangaude wanga. Ndikudziwa kuti ndikukokomeza. Komabe tulo sitibwera.

Eya, ndisanaiwale, mlamu wako anachira mwezi watha, ndi wamkazi, onse ali bwino. Akuti ubweze buku lija.

Tsopano funso lako. Uyambe wachotsa m'mutu maganizo oti kubiriwira ndiye kumwa kaboni, chifukwa ndaona kuti ndi pamene ukuponda. Kamera yathu imajambula mitengo yomweyomweyo theka la ola lililonse, osasunthidwa ngakhale pang'ono, monga amachitira a PhenoCam, gulu la makamera oyang'anira zomera motere. Pachithunzi chilichonse timatenga kubiriwira n'kugawa ndi mitundu yonse itatu, kufiira, kubiriwira ndi buluu. Nambala imeneyo imagona pansi nyengo yonse yozizira, kenako masamba akaphukira imalumpha m'milungu iwiri kapena itatu, n'kufika pamwamba. Koma nsanja simavomereza msanga. Tsamba lanthete ndi lowala bwino pamaso, pomwe m'kati silinakhwime, ndipo mtengo ukadali kuwononga chakudya chimene unasunga chaka chatha kuti ulimange. Pamene nkhalango ifika pomwa kaboni mwamphamvu, nambala ya kamera imakhala itayamba kale kutsika, masamba atada. Ndikaika mizere iwiriyi papepala limodzi, ya kamera imatsogola, ya nsanja ikubwera pambuyo mosafulumira.

Masetilaiti nawo ali ndi zawo. MODIS, kamera ya pa setilaiti, yakhala m'mwamba kuyambira 1999, ndipo imaona dziko lonse pafupifupi tsiku lililonse, zimene nsanja singathe. Imayerekeza kuwala kofiira, kumene tsamba limameza, ndi kwa infrared, kumene limabweza. Koma kadontho kake kamodzi ndi mamita 250 mbali iliyonse, mtengo, msewu ndi dambo zonse m'kati, ndipo mitambo ikaphimba palibe chimene yaona. Setilaiti ya Sentinel-2 inatsitsa kadonthoko kufika pa mamita 10, mitambo ndiye ikadali yomweyo. Nkhani ya ku Amazon unaimva? Mu 2006 akatswiri ena anaona pa zithunzi za MODIS kuti nkhalango imeneyi imabiriwira kwambiri nyengo imene mvula yachepa. Mu 2014 anzawo anati bodza, dzuwa ndi limene lasintha powombera, mithunzi yachepa, diso la setilaiti lanamizidwa. Mu 2016 makamera a pa nsanja anaonetsa kuti nthawi imeneyo mitengo yambiri imagwetsa masamba okalamba n'kuvala atsopano, ndipo msinkhu wa tsamba uli ndi gawo lalikulu pa kamwedwe ka kaboni. Zaka 10 anthu ophunzira akutsutsana ngati nkhalango yaikulu chonchija yabiriwira kapena ayi. Ndiye iwe ukufuna yankho la mzere umodzi.

Kuti nyengo yophukira ikufulumira m'mayiko ozizira, izo n'zoona, palibe wotsutsa. Ku Kyoto ku Japan akhala akulemba tsiku limene mitengo ya cherry imachita maluwa kwa zaka pafupifupi 1,200, ndipo mu 2021 inafika pachimake pa 26 Malichi, msanga kuposa chaka china chilichonse chimene chinalembedwa kufika nthawiyo. Ndimawachitira nsanje anthu amenewo, cholembera chawo sichinkafuna batire. Anthu akamva zimenezi amathamangira kunena kuti basi, nyengo yatalika, mitengo imwa kaboni wochuluka, kutentha kwadzibweretsera mankhwala. Apa ndi pamene ine mtima umalemera.

Nkhalango imapumanso, bwanawe. Mizu imapuma, thunthu limapuma, tizilombo ta m'nthaka towoletsa zinyalala timapuma usana ndi usiku, ndipo kukatentha timapuma kwambiri. Nyengo yoyoyoka masamba ikakhala yofunda, masamba amachedwa kugwa inde, koma masiku afupika, kuwala kwachepa, pomwe nthaka ikadali yotentha ikutulutsa kaboni mosalekeza. Zimene unapindula poyamba zikhoza kuthera pamenepo. Masamba ofulumira amayambanso msanga kukoka madzi m'nthaka, ndiye pakati pa nyengo yotentha mtengo umapezeka uli ndi ludzu, n'kutseka timabowo ta m'masamba. Ukatseka kuti madzi asatuluke, kaboninso salowa. Kamera imaona mtengo wobiriwira bwinobwino, nsanja ikuona kuti masana onse palibe chikuchitika. Mu 2003 ku Europe kutatentha koopsa kuja, zomera zinachepetsa ntchito yake ndi pafupifupi 30 peresenti, ndipo chaka chimodzicho chinabweza mumlengalenga kaboni wofanana ndi amene zinasunga zaka zinayi. Nsanja ngati yathuyi ndi zina mwa zimene zinaulula.

Masamu ake ndi awa. Zomera za pamtunda zimamwa kaboni wokwana matani pafupifupi 120 biliyoni pachaka, ndipo pafupifupi yense amabwerera kudzera m'kupuma, kuwola ndi moto. Wotsala ndi matani ngati 3 biliyoni. Zili ngati munthu wa malipiro aakulu amene angongole amamudikira pakhomo tsiku lolandira, chotsala m'thumba n'chochepa, ndipo mwezi umodzi woipa umamulowetsa m'dzenje. Ifeyo ndi malasha, mafuta ndi gasi tikutulutsa matani ngati 10 biliyoni. Ndiye yankho ndi lakuti inde, mtunda ukutilandirako pang'ono kupitirira gawo limodzi mwa magawo anayi a zimene timatulutsa, nyanja nayonso ikulandira gawo longa lomwelo. Koma palibe anatilonjeza kuti zipitirira, ndipo ntchito yanga yonse ndi kuyeza kanthu kakang'ono kotsala pakati pa manambala awiri akuluakulu. Ukalakwitsa pang'ono pa imodzi, kotsalako kasowa kapena kawirikiza. Waona tsopano chifukwa chake kangaude sindimuseka?

Ndipo si yekha. Mvula ikagwa, kagalasi ka chowerengera mpweya kamanyowa, manambala onse kudzala. Mbalame zimakonda kutera pa choyezera kuwala n'kusiyapo zake. Usiku wa bata ndiye woipitsitsa. Popanda mphepo, mpweya wozizira wodzaza kaboni umakwawa pansi n'kutsetserekera kumunsi kwa chitunda osadutsa pa zipangizo, ndiye nsanja imalemba kuti nkhalango yapuma pang'ono. Ukakhulupirira zimenezo, nkhalango yako imaoneka yoyera mtima kuposa mmene ilili. Timataya maola onsewo. Pomaliza chaka umapeza kuti gawo lalikulu ndi lodzazidwa ndi kompyuta, ndipo amene amawerenga nambala yomalizayo saona zigamba.

Nthawi zina ndimamuganizira Keeling, wasayansi wa ku America uja. Anayamba kuyeza kaboni wa mumpweya pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii mu 1958, kaboni ali magawo ngati 315 pa miliyoni. Lero tadutsa 420. Mzere wake uja umakwera mokhala ndi mano, pamwamba mu Meyi, pansi cha mu Seputembala kapena Okutobala, chifukwa mtunda wambiri uli kumpoto kwa dziko ndipo zomera zake zonse zimamwa ndi kupuma nthawi imodzi. Akuti kangapo ndalama zinkafuna kumuthera, anthu akumuuza kuti kuyeza chinthu chomwechomwecho chaka ndi chaka si sayansi. Nafenso a ku ofesi yopereka ndalama atilembera kufunsa kuti "chatsopano" tapeza chiyani. Chatsopano! Phindu la ntchitoyi lili m'kusasintha kanthu, kamera yomweyo, mitengo yomweyo, zaka zambirimbiri. Mnyamata watsopano uja anaipukuta kamera n'kuipendeketsa pang'ono, moti theka la chithunzi linasanduka thambo. Ndinatsala pang'ono kumulirira pamaso. Iye akuti amafuna kuthandiza.

Kunena zoona kuno kwandikwana undekha. Masana ndimalankhula ndi a Pulofesa pafoni za mawaya, madzulo ndimafika kunyumba onse atatopa. Kale uja tinkakhala pansi pa nsanja kudikira kuti deta ikopedwe, iwe ukunama za atsikana amene ankakufuna, nthawi inkatha osadziwa. Tsopano ndimangoyang'ana kamzere kakuyenda pa kompyuta. Unathawa bwino, sindikukunena. Mpando wopweteketsa msana sugwa nawo kuchoka mamita makumi atatu.

Ngati kumeneko kukupezeka magolovesi okwerera a zala zodula, unditumizire, akumanja anabooka. Usatumize aakulu ngati aja, dzanja langa silinakule.

Pali china chimene sindinauze a Pulofesa. Mitengo ya m'mphepete kumanzere kwa chithunzi, ija tinkaitcha ya makani chifukwa inkachedwa kugwetsa masamba, chaka chino yaphukira mwa apo ndi apo, nthambi zam'mwamba zili mbee. Pa nambala ya kamera sizikuoneka chifukwa ili kunja kwa gawo limene timawerengera. Mwina ndi chilala cha chaka chatha chikulipitsa ngongole mochedwa, poti mitengo imatero, mwina ndi tizilombo. Ndikufuna ndikakumbe pang'ono ndione mizu, koma ndikangoyamba a Pulofesa adzafuna ndilembe lipoti, ndipo lipoti likangolembedwa ndiye kuti

Pepala latha, lakumbuyoli ndi fomu ya mabatire. Ulembe msanga, undiuzenso ngati wadazi uja anakwatiradi.

Ine wako wa pansanja